Mlendo Amene Sanachite Odi

Ana inu, nthano iyi si yanga. Ndinaimva kwa a Kamwendo, amene ankasamalira nsomba za m'nyanja yamchere m'thanki yagalasi pa hotela ina ku Beira. Anandiuza ali chigonere, nditapita kukapemphera nawo. Ndiinena monga anainenera.

Kalekale, pamene nsomba zinkachezerana, panali tinsomba tiwiri tapachibale, towala ngati thambo la m'chilimwe. Wamkulu anali Mwatitha, wamng'ono Sekanawo. Tinsombati tinkalima ndere pa thanthwe, ndipo aliyense wochita odi ankachoka atakhuta.

Chaka china mafunde anakokolola munda, n'kutsala kachigawo kochepa.

"Ndikafune mbewu kutsidya," anatero Mwatitha. "Iwe sunga ndere yatsalayi. Ikatha, tilibenso mudzi."

"Musakachedwe, achemwali. Ine ndekha ndimaopa."

Mwatitha anapita. Sekanawo anapalira, anadikira, anapaliranso. Anzake ankabwera ndi njala.

"Odi kuno! Tilaweko pang'ono, mnzathu."

"Pepani, ndi ya achemwali."

Ena anamva, ena anayamba kuba. Sekanawo anaphunzira kuluma. Odi anachepa, kenako anatheratu. Anatsala ndi Nkhanu yekha, wokhala kunsi kwa thanthwe, amene ankamuseka.

"Iwe, thupi ngati chala, ukali ngati ng'ona! Udzakwatiwa ndi mwala umenewu."

Tsiku lina kunatulukira nsomba yakuda, yowonda, zipsepse zong'ambika. Sinaime m'malire. Sinachite odi. Inalowa molunjika pakati pa munda, itatseka pakamwa.

"Ndani iwe wolowa ngati kwanu? Choka!"

Mlendoyo sanayankhe. Sekanawo anamuluma pamchira, anamuluma pamimba, anamuthamangitsa mpaka kumadzi akuya kumene kulibe kuwala. Pobwerera anapeza Nkhanu akutola timbewu ta ndere tomwazika pamchenga. Ulendo uno Nkhanu sankaseka.

"Mwanawe, izi zagwa m'kamwa mwa uja wamupirikitsayu. Akanayankha bwanji atanyamula mbewu? Ndipo unamva kuti munthu amachita odi pakhomo pake?"

"Koma achemwali ndi owala ngati ine!"

"Unadziona liti? Mtundu wanu umada ukamakula. Nawenso wada."

Sekanawo anaitana kumadzi akuya mpaka mawu anatha. Kukamufuna sakanatha, poti munda ukanatsala wopanda mlonda, ndipo mundawo ndiwo wokhawo umene Mwatitha akanabwerera. Anadzala mbewu zija, nakhala.

Apa a Kamwendo anapuma kaye, napempha madzi. Kenako anati m'thanki mwawo kansomba ka mtundu umenewu ankakaika komalizira, nsomba zina zitapeza kale malo, chifukwa kakayamba ndiko kamatenga mwala uliwonse ngati munda wa achemwali ake. Akaika tiwiri tofanana m'malo opanikiza, kamodzi kankapezeka kobisala pakona, kosadya.

Ndi chifukwa chake lero kansomba aka kamathamangira aliyense woyandikira mwala wake, ngakhale dzanja la munthu. A Kamwendo ankati kamathamanga kuti kaone nkhope, ndipo kakapeza kuti si Mwatitha, chisoni chimasanduka mano. Kamalusa koposa kakaona wa mtundu wake, poti wafanana ndi Mwatitha koma si iye.

Tisanapemphere ndinawafunsa a Kamwendo amene ndingamutchule m'pemphero. Anayang'ana kukhomo nthawi yaitali.

"Mutchule onse olondera minda," anatero, "kuti mwini akadzafika, adzamuzindikire."