Wophika Amene Anabweza Mbale

Panali mayi wina, wophika pa maukwati, amene dera lonse linkamutchula kuti aNachanza. Banja likafuna ukwati waulemu, linkayamba lapeza iye, tsiku n'kudzasankha pambuyo. Mpunga wake sunkamatana. Nyama yambuzi inkafewa mpaka nkhalamba zopanda mano zinkapempha ina.

Mwini wake ankakonda kudya, ndipo sankabisa. Ankati wophika wosakonda chakudya ali ngati woimba ng'oma wogontha. Pa ukwati umodzi pankakhala mapoto khumi ndi awiri, ndipo onse ankawalawa. Koma kulawa kwake kunali kwa mbale, osati kwa supuni. Pofika nthawi ya chakudya ankakhala atakhuta kale, koma ankakhalabe pansi n'kudya pamodzi ndi anzake. Thupi linabwera, anthu n'kumayamikira. Ankati, "Taonani aNachanza, chitenje chimodzi sichikwana. Ameneyo ndiye wophika!"

Chaka china anaponda khala lamoto pophika, koma sanamve. Anadzaona mawa lake posamba. Chilonda chinali kunsi kwa phazi lamanzere, chaching'ono ngati nyemba. Mwezi unatha, wachiwiri unatha, chilonda osapola. Kenako chinayamba kununkha.

Kuchipatala anamubaya chala n'kuyeza magazi. Namwino wake anali mayi wosazungulira polankhula. Anati, "Amayi, muli ndi matenda a shuga. Thupi lanunso lalemera, mtima ukuvutika kulinyamula. Mankhwala tikupatsani. Koma mukapitiriza kudya monga mukudyeramu, chilondachi sichipola, ndipo phazili tidzalidula."

Mayiyo anati, "Ndiye ndisiye kudya, anamwino? Paja ndine wophika."

Namwino anati, "Sindinati musiye. Ndati muchepetse, ndipo muzisankha."

Koma mantha anamugwira, ndipo anasiyadi zonse. Masabata atatu ankangodya masamba owiritsa, opanda mchere, opanda tomato. Nkhope inagwa. Anayamba kukalipira aliyense pakhomo. Zophika zake zinayamba kuzizira, chifukwa ankaopa ngakhale kulawa. Tsiku lina m'mawa anapezeka kuseri kwa nyumba akudya mandasi asanu ndi limodzi, misozi ikutsika.

Pamenepo anakhala pansi n'kuganiza. Anaona kuti njala yotereyi siikhalitsa, ndipo ikaduka imabwezera kawiri. Choncho anapeza njira yake. Polawa anabwerera ku kalawidwe kamene anaphunzira ali mtsikana: kudonthezera msuzi pachikhatho n'kunyambita. Pa mbale yake, theka linkakhala masamba, koma ophikidwa mwaluso, nkhwani wotendera, bonongwe wa tomato ndi anyezi, therere. Pambali nyemba kapena usipa. Mpunga wongokwana m'dzanja limodzi. Tiyi ankamwa wopanda shuga, ndipo sananamepo kuti ndi wokoma. Ankati, "Ndi woipa, koma ndamuzolowera ngati mwamuna."

Chimodzi chokha sanachisiye. Ankakonda chiwindi chambuzi chokazinga. Pa ukwati uliwonse ankatenga nthuli imodzi, n'kupeza mthunzi, n'kukhala pansi. Pa nthawi imeneyo sankayankha munthu. Ankatafuna pang'onopang'ono, maso atatsinzina. Akamaliza ankati, "Kale ndinkangomeza. Tsopano ndiye ndikudya."

Mvula isanagwe chilonda chinatseka. Thupi linatsika. Anayamba kukwera chitunda chakutchalitchi osaima panjira.

Ndiye anthu anayamba kulankhula. Ena anati shuga ndi chophimbira chabe, mayiyo ali ndi matenda aja. Ena anafunsa funso loipa kuposa pamenepo. Kwathu kuno, wopereka chakudya amayamba wadya, kuti mlendo adziwe kuti mulibe kanthu. Ndiye anati, "Wophika amene sadya zophika zake, wathiramo chiyani?"

Unafika ukwati wa mwana wa mlamu wake. Mlamuyo ndiye ankayang'anira amayi akukhitchini, ndipo mawu a anthu anali atamufika m'khutu. Alendo asanayambe kudya, anatenga mbale yaikulu ya akuchimuna. Anaunjikamo mpunga, mbatata yokazinga, nyama yamafuta, chiwindi pamwamba. Anatsegula botolo la chakumwa chotsekemera. Zonsezi anaziika pamaso pa aNachanza, amayi onse akuona.

Anati, "Alamu, idyani. Mumalize yonse, anthu aone, pakamwa pawo patsekeke."

ANachanza anaseka. "Alamu, mbale iyi ndi ya anthu atatu. Enawo ali kuti?"

"Musaseke. Akuchimuna akunong'onezana kunjaku. Mukufuna mwana wanga achite manyazi pa tsiku lake? Tsiku limodzi lokha silipha munthu."

"Loweruka lapitali anandiuzanso kuti tsiku limodzi. Likubwerali kulinso ukwati. Ine masiku amodziamodzi ndi amene anandibowola phazi."

Mlamuyo anatsitsa mawu. Anati, "Mukakana, sindingathenso kukutchulani kwa anthu. Ntchito iyi ithera pano."

ANachanza anayang'ana mbale ija. Fungo lake linali labwino, poti wophika anali iye mwini. Ntchito imeneyi ndi imene inaphunzitsa ana ake ndi kufolera nyumba yake. Anasamba m'manja. Anatapa mpunga pang'ono, nadya. Anatapa mbatata imodzi, kanyama kamodzi, kuti aliyense aone kuti mulibe choopsa. Kenako anatenga nthuli ya chiwindi, natsinzina, natafuna mpaka kumaliza.

Atatsegula maso anati, "Chakoma. Ndadya, ndipo ndakhuta."

Ananyamula mbale ija ndi manja awiri, nagwada monga mwa ulemu, naibwezera kwa mlamu wake. Botolo sanalikhudze.

Ukwati umenewo unali womaliza. Sanamuitanenso. Mapoto ake aakulu anakhala m'nyumba mpaka anawapereka kwa ena. Zinamuwawa, ndipo Loweruka lililonse akamva nyimbo zaukwati kutali ankalowa m'nyumba. Koma sanasinthe mbale yake. Anatsegula dimba kudambo, ndipo ankapitako wapansi m'mawa uliwonse. Pa Khirisimasi ankagula chiwindi, n'kukazinga, n'kugawira adzukulu, yake nthuli imodzi. Anakhala zaka zina khumi ndi zinayi. Chimene chinamutenga ndi chibayo cha mwezi wozizira uno, osati shuga. Mmisiri atabwera kudzayeza bokosi, anayeza kuyambira kumutu mpaka ku zala zakumapazi, zonse khumi zilipo.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, sindidziwa kukometsa mawu. Mayi ameneyu tamuika dzana, ndipo ndi amene anandibereka. Enanu munali m'khitchini muja. Munaona mbale ikubwezedwa, ndipo palibe anatsegula pakamwa kumuikira kumbuyo. Dzana ndakumvani kumanda mukuti anali mayi wolimba mtima. Kulimba mtima kumeneko munakuona liti? Pamene anali moyo munkakutcha matenda.

Sindikuti musale chakudya. Iye sanasale, ndipo palibe pano amene chakudya chinamukomera kuposa iye. Ndikuti mudziwe nthuli yanu imene mumaikonda, muidye mutakhala pansi, ndipo mudziwe polekera. Ambiri a inu muli ndi mapiritsi omanga pansonga ya chitenje, mukubisirana. Posachedwapa chakudya chituluka pano. Wina amene wakhala pambali panu anena kuti wakhuta. Musamuwonjezere. Musamufunse chimene akudwala. Landirani mbaleyo ndi manja awiri.