Nkhono ya Apongozi

Ana inu, mawu amene akuluakulu timakuponyerani mukamachita phuma, musamayese kuti tidangowatola panjira. Alipo anthu amene adawagula ndi misozi. Khalani pansi bwinobwino, ndikuuzeni za munthu wina dzina lake Sandalamu.

Sandalamu adali wa kumapiri, wocheka matabwa. Adakakwatira kutali, m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Bua, ndipo monga mwa mwambo adamanga nyumba kwawo kwa mkazi wake, Esinati, nakhala mkamwini. Ulesi munthuyo adalibe, pamenepo tisamunamizire. Koma phuma lake! Poyenda ankachita kugunda pansi, podya ankapsa pakamwa, ndipo chingwe chikamangana mfundo sankamasula ayi, ankangodula. Nzeru adali nayo imodzi yokha, ya pamacheka: chinthu chikakana, onjeza mphamvu.

Bambo ake a Esinati, a Bwanali, adamwalira Sandalamu asanafike pamudzipo. Iwowo ndiwo adali katswiri wowedza chambo padziwe lalikulu lomwe lidali kumunsi kwa mudzi. Ukonde sunkalowa m'dziwemo chifukwa pansi pake padali mitengo yomira yokhayokha. A Bwanali sankavutika n'kukumba nyongolotsi. Adatenga kasupuni ka tiyi, nadula chogwirira chake, nakaboola, namangirirako mbedza ndi kanthenga kofiira ka tambala. Kachitsuloko kakamakokedwa m'madzi kankazungulira ng'aning'ani, chambo n'kumayesa chakudya. Anthu ankangokatcha nyambo yabodza. Mwini wake atapita, nyamboyo idatsomekedwa kudenga pamodzi ndi nsungwi yake yowedzera, ndipo palibe adaikhudzanso.

Chaka chimene Esinati adachira mwana wake woyamba, mvula idachedwa koopsa. Nthaka idauma gwa, tchire lidapsa, ndipo amuna ambiri adapita kukasaka ganyu ku minda ya fodya. Khandalo lidabadwa bwinobwino, lachimuna. Koma patangotha sabata, mayi wake adagwidwa ndi malungo aakulu. Malungowo adatsika, koma adamusiya wopanda chilakolako cha chakudya. Phala ankalavula. Adamuphera nkhuku, fungo lokhalo adasanza. Ndiye mukudziwa, mayi akaleka kudya, bere limauma. Khanda lidayamba kulira kosalekeza, likuyamwa pouma, ndipo timikono take tidayamba kufota anthu akuona.

Tsiku lina m'mawa Esinati adauza mwamuna wake, mawu akutuluka movutikira, kuti chinthu chimodzi chokha ndicho mtima wake ukufuna: msuzi wa chambo cha padziwe, chonga chimene bambo ake ankabwera nacho. Adati umenewo wokha ndiwo akhoza kumeza.

Sandalamu sadadikire kuti amalize. Adasolola nsungwi kudenga, nathamangira kudziwe. Chibadwire adali asanagwirepo mbedza, koma mumtima adati, kodi nsomba ingapose mtengo wa mlombwa kulimba? Adayesa kaye kukumba nyongolotsi, khasu lidangolira ngati lamenya mwala. Adayesa nyambo ya gaga, timatemba tidaitha isanafike n'pansi pomwe. Basi idatsala nyambo yabodza ija.

Ha, mukadamuona! Adakwera pamwala wautali, malaya oyera mbee, chithunzithunzi chake chitagona pamadzi. Adaponya kachitsuloko ndi mphamvu zake zonse, thibu! Ndiye kukoka kwake ngati akucheka thabwa. Akaponya kawiri osagwira, ankathamangira pena, mapazi di di di, miyala ikugubudukira m'madzi. Dzuwa lidapendeka atazungulira dziwe lonse katatu, m'manja muli mbee.

Tsiku lachiwiri mwayi udamupeza, iye n'kuutaya yekha. Chambo china chidaluma, ndipo iye atamva kugwedeza adakoka mwadzidzidzi ndi manja onse awiri. Mbedza idauluka n'kukakodwa m'bango kumbuyo kwake, ili ndi kachidutswa ka mlomo wa nsomba. Tsiku lachitatu sadaone ngakhale mamba. Adapsa mtima, nagenda dziwe ndi miyala, nabwerera kumudzi akunena kuti kachitsuloko n'kabodzadi monga mwa dzina lake, a Bwanali ayenera kuti adali ndi mankhwala. Atalowa m'nyumba adapeza kulira kwa mwana kwasintha. Sikudalinso kulira kwaukali, kudali kung'ung'udza chabe. Sandalamu adatuluka, nakakhala kuseri kwa nyumba, ndipo mwamuna wamkuluyo adalira.

Tsono padali munthu mmodzi amene ankadziwa chinsinsi cha nyamboyo: mayi ake a Esinati, a Nachisale. Zaka makumi atatu adakhala akutsagana ndi amuna awo kudziwe, atanyamula dengu. Amayi otunga madzi adali atawafotokozera kale zonse zimene mkamwini wawo ankachita kumeneko. Koma akadatani? Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankaonana maso ndi maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Zoti akakhale naye pamwala umodzi n'kumugwira dzanja kumuonetsa kakokedwe, zimenezo zikadakhala zamanyazi m'mudzi monse.

M'mawa mwake a Nachisale adatuma uthenga kuti mkamwini akakhale kumbali ina ya nkhokwe. Iwo adakhala kumbali inayo, atafulatira.

"Apongozi, muli pamenepo?"

"Ndili pano, amayi."

"Patsinde pa nkhokwepo ndaikapo kanthu m'tsamba la nthochi. Tengani."

Sandalamu adafunyulula tsambalo, napeza nkhono, yonyowa, imene mayiwo adaikumba pansi pa mtsuko wa madzi. Idali itadzitsekera m'chigoba mwake. Iye adafunsa ngati aiphwanye ikhale nyambo.

"Ayi, musaiphe. Imeneyo ndiye mphunzitsi wanu, poti ine sindingapite nanu. Muvule malaya oyerawo. Mukakhale pansi, patsinde pa mkuyu wopendekera m'madzi uja. Nkhonoyo mukaiike pamwala pafupi ndi bondo lanu, muiwaze timadzi. Musaponye mbedza musanaone maso ake. Ndipo pokoka chingwe, muzikoka mwakuti iyo isabweze masowo. Ikabweza, lekani, muyambirenso."

Mtima wa Sandalamu udawira. Mwana wake akufa, ndipo akumupatsa nkhono yoti akaiyang'anire! Akadakhala munthu wina akadamuyankha zoipa. Koma apongozi sayankhidwa. Adangoomba m'manja, nati wamva, natenga nkhono ija, nanyamuka.

Atafika pamkuyu paja adachita monga adamuuzira, koma mwa mkwiyo. Adaikhazika nkhonoyo pamwala, naiwaza madzi, nakhala pansi. Nkhono zii. Adadikira pang'ono, naigogoda ndi chala kuti ifulumire. Nkhono ndiye kulowereratu m'kati. Adaitembenuza, naisuzumira, naiuzira mpweya. Palibe chidachitika. Apo m'pamene adazindikira kuti chinthu ichi mphamvu zake sizingachitulutse, ndipo akachiphwanya ndiye kuti masowo sadzawaona konse. Adaibwezera pamwala, napinda miyendo, nakhala phee.

Mudzi udali pamtunda pomwepo, ndipo kamphepo kankabweretsa mawu a mwana wake, ofooka, odukaduka. Kulira kulikonse kunkamubaya. Dzanja linkafuna kutola nsungwi, iye n'kulibweza. Ntchentche idatera pamphuno, adaisiya. Mwendo udachita dzanzi, adausiya. Patapita nthawi, chigoba chija chidagwedezeka pang'ono, ndipo kathupi konyowa kadayamba kutuluka. Sandalamu adasuntha bondo msangamsanga kuti aone bwino. Nkhono idabwerera m'kati.

Adayambiranso. Dzuwa lidakwera mpaka pamutu.

Ndiye padachitika chinthu chimene Sandalamu sadachiiwale mpaka imfa yake. Kulira kwa mwana kuja kudaleka. Adatchera khutu, kumudzi kuli zii. Inu ana simungadziwe kuopsa kwa chete ameneyo, koma iye ankadziwa. Khanda la masiku owerengeka likatisiya, amayi salira mokweza ayi. Amangolinyamula mwakachetechete okhaokha, amuna osaitanidwa. Choncho chete uja akadatha kukhala tulo, akadathanso kukhala maliro, ndipo padalibe womuuza.

Thupi lake lonse lidati dzuka, thamanga. Koma adadzifunsa kuti akathamanga akafika ndi chiyani. Ngati mwana wapita, liwiro lake silimudzutsa. Ngati ali moyo, manja opanda kanthu ndiwo amupha, pamodzi ndi mayi wake. Masiku atatu adathamanga, ndipo kuthamangako ndiko kudadya masiku atatuwo. Adaluma mlomo, misozi ikutsikira pachifuwa, osaipukuta. Sadasunthe ngakhale chala.

Nkhono idatuluka. Idatambasula khosi pamwala ponyowapo, kenaka tinyanga tiwiri tidayamba kutalika pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwa kalikonse kudali kadontho kakuda. Adali maso. Sandalamu adakula mpaka kumera ndevu akuponda nkhono m'minda, koma adali asanadziwe kuti ili ndi maso.

Atatsitsa ake maso kuyang'ana m'madzi, adaona chimene phokoso lake lidamubisira masiku onse aja. Pansi pa mizu ya mkuyu, pafupi poti akadatha kufikapo ndi nsungwi, padali chambo, osati chimodzi, zikuyandama mwaulesi mumthunzi. Zidali pomwepo nthawi yonseyi. Zinkangothawa mapazi ake ndi chithunzithunzi chake.

Adatola nsungwi mosamala, diso lina lili pankhono. Sadaponye ndi phewa, adangoyendetsa dzanja, kachitsulo kaja n'kugwera patsogolo pa mizu mopanda phokoso. Adakaleka kamire. Kenaka adayamba kukoka pang'onopang'ono, akuleka pang'ono, akukokanso, kanthenga kofiira kakuvina m'madzi. Ulendo woyamba palibe chidatsata. Wachiwiri chambo china chidatsata n'kubwerera. Nkhono idali isanabweze maso. Ulendo wachitatu chingwe chidalemera, nsungwi n'kuwerama.

Manja a macheka aja adafuna kuchita zawo, koma adakumbukira kachidutswa ka mlomo kaja. Adangogwira molimba osakoka. Nsomba ikathawa ankaipatsa mpata, ikatopa ankaibweza, osailola kulowa m'mizu. Potsiriza idagona cham'mbali pafupi ndi mwala, ndipo iye adalowetsa dzanja m'madzi naigwira kumutu. Chidali chambo chonenepa, chotalika kuchokera kunsonga ya chala mpaka pachigongono. Asananyamuke adatola nkhono ija, naiika pachinyezi pansi pa mizu ya mkuyu.

Ulendo wa kumudzi udali wautali kuposa masiku onse. Pabwalo padalibe munthu. Atayandikira nyumba yake, a Nachisale adatuluka pakhomo, ndipo awiriwo adakumanizana popanda kothawira. Sandalamu adagwada, nayang'ana pansi, natukula nsomba ija ndi manja awiri.

Mayiwo sadapatuke, sadaitanenso munthu woti awalandirire. Adailandira okha m'manja mwa mkamwini wawo.

"Mwana wagona chabe, akupuma," adatero. "Mwachita bwino, mwana wanga."

Esinati adamwa msuziwo tsiku lomwelo, masupuni owerengeka, ndipo sudabwerere. M'mawa mwake adadya nyama yake ya nsombayo. Sandalamu ankapita pamkuyu tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale masiku ena ankabwera chimanjamanja, masiku ambiri ankabwera ndi kanthu. Pa tsiku lachinayi bere lidayamba kutuluka mkaka, mwana nayamwa mpaka kugona. Dzina adamutcha agogo ake, ndipo adati akhale Dekhani.

Mvula itagwa, amuna aja adabwerera kuchokera ku fodya, nadabwa kupeza munthu wa kumapiri akuwedza kuposa eni mtsinje. Ankamuumiriza kuti awauze mankhwala amene a Bwanali adasiya. Iye ankangowapatsa nkhono, n'kuwauza kuti akaione maso. Ambiri ankaseka. Ochepa amene adapirira ndiwo adadya chambo, ndipo ndiwo adafalitsa mawu amene mumawamva mpaka lero: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Zilipo zinthu zimene zimagonjera mphamvu, monga thabwa ndi chitsa cha m'munda. Koma zilipo zina zimene ukazikakamiza zimabisala: luso la manja, nzeru za m'buku, mtima wa munthu amene wakhumudwa, choonadi cha mlandu. Zimenezo zimatulukira munthu amene wakhazika mtima pansi. Ndipo musayese kuti kudekha ndi ulesi, kapena kuti n'kwa anthu opanda mavuto. Sandalamu adagwira ntchito zolemetsa moyo wake wonse, koma mwini wake ankanena kuti yolemetsa kuposa zonse idali ya tsiku lija, kukhala phee pamwala, kumudzi kuli zii, osadziwa ngati mwana wake ali moyo.