Tsiku Limene a Kamphinda Anachemerera Timu Yawo Kuti Igonje

Bwalo la basiketibolo mukulionali, ana inu, silinayambe ndi simenti. Linali dothi lokhalokha, ndipo mpira unkaponyedwa mu mkombero wa njinga wokhomedwa pamtengo wa bulugama. Anaukhoma ndi a Kamphinda, mkulu wokonza njinga wochokera ku Chikwawa, amene timu yathu ya atsikana ya Mavu ikagonja ankatseka shopu masiku awiri ngati pagwa maliro.

Pabwalo pomwepo ndi pamene anakulira Mwandida. A Kamphinda ndiwo anamugwiritsa mpira koyamba, ali kamwana koyenda chapansi. Pomaliza fomu folo anali atatalika ngati nsungwi, mpira ukumumvera, ndipo dera lonse linkangoti chaka chamawa mwana wathu avala malaya a Mavu.

Koma ligi inali ndi lamulo lake. Osewera ochokera m'masukulu sankadzisankhira timu. Timu yothera kumchira ndiyo inkayamba kusankha, kuti ofooka nawonso apeze mphamvu. Chaka chimenecho kumchira kunali Mavu, ndipo pamwamba pawo pang'ono panali timu ina ya ku Mzuzu. Mavu anatsala ndi masewero amodzi. Akapambana, a ku Mzuzu atsikira kumchira n'kutenga Mwandida.

A Kamphinda anazungulira masapota khomo ndi khomo. "Tigonje kamodzi kokha, tidzadyerere zaka khumi," ankatero. Anawanong'onezanso osewera, ndipo ng'oma yochemerera anaitsekera m'shopu.

Tsiku la masewerowo kunachitika zamanyazi. Wosewera wa Mavu akaphonya, amayi ankalulutira. Akagoletsa mwangozi, abambo ankagwira kumutu. Pa nthawi yopumulira, Mwandida anabwera n'kugwada pambali pa benchi ya mkuluyo.

"Agogo, ndili mwana ndikaphonya munkandibwerezetsa kakhumi. Lero mukuombera m'manja kuphonya?"

"Tikuchitira iwe, mwanawe. Ukapita ku Mzuzu, ine pabenchi pano ndizidzaonera ndani?"

"Nanga mukandisunga motere, mpira ndizidzapatsira ndani? Anthu amene ndawaona ndi maso angawa akuphonya dala?"

A Kamphinda mtima unawapweteka, chifukwa anaona kuti sankasungira mwanayo ubwino wake, koma ankaopa kutsala okha. Anadzuka, natulutsa sipanala m'thumba la ovolosi, n'kuyamba kumenya chitsulo cha benchi: ngwe! ngwe! ngwe!

"Mavu, lumani!" anakuwa. "Amene aphonyenso dala, njinga yake asadzabwere nayo kwa ine!"

Atsikana aja, amene manyazi anali atawakwana kale, anadzuka ngati mavu enieni. Anapambana ndi mapointi awiri. Sitinaonepo anthu opambana akubwerera kwawo ataweramitsa mitu chotero, ndipo ena anatha mwezi osawapatsa moni a Kamphinda.

Tsiku lonyamuka Mwandida kupita ku Mzuzu, anthu anadzaza padepoti, akung'ung'udzabe za lamulo loipa. Mayi wina wogulitsa mandasi anawaloza chala mkuluyo.

"Inu a Kamphinda, mwana tamulera tokha, lero mwamupereka kwa alendo!"

Mkuluyo anapukuta misozi ndi chipewa, osabisa. "Mayi, kwathu ku Shire ndinkaona ana a ng'ona. Amaswedwa padziwe laling'ono, koma madzi akadzaza amapita kwina. Wokakamira pomwepo amangokhala kabuluzi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

Mwandida anakulitsadi dzina lake kumpotoko. Patapita zaka zitatu anabwera ndi timu yake kudzasewera ndi Mavu, ndipo anatigoletsa mosatimvera chisoni. A Kamphinda, atakalamba ndithu, ankamenya sipanala pa chigoli chilichonse cha mlendoyo, kwinaku akuuza aliyense woyandikana naye kuti, "Kuponya kumeneko ndi kwa pamkombero wanga."

Mawu a padepoti aja ndi amene mumawamva mpaka lero: mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tanthauzo lake n'lakuti munthu sakhwima pongokhala pamene anabadwira. Ayenera kupita kwina, akaphunzire kwa ena, ndipo omukonda azimumasula ngakhale mtima ukuwawa. Mkombero uja ukadalipo kuseri kwa bwaloli, wachita dzimbiri. Mukadzapita kutali inunso, podutsa pano muzidzauyang'anako.