Mkamwini ndi mpando wa apongozi

Cha ku Ntchisi kunali munthu wina, mmisiri wokhoma zidebe, amene anakhala pachikamwini zaka khumi ndi zinayi. Zaka zonsezo sanayang'anepo apongozi ake aakazi kumaso. Akakumana panjira, iye ankapatukira kutchire. Akafuna kupereka moni, ankagwada kuseri kwa nkhokwe n'kuwomba m'manja. Mwambo wa kumeneko unali wotero, ndipo iye ankausunga.

Chaka china lata linamucheka dzanja, bala n'kukula. Abale a mkazi wake anati mkamwini wosagwira ntchito abwerere kwawo. Apongozi ndi amene anakana. Ankamuphikira phala n'kumapatsira mkazi wake, mpaka bala linapola. Munthuyo ankati adzathokoza tsiku lina. Koma apongozi anamwalira asanamve zikomo wake.

Pamaliro iye anawaza nkhuni ndi kuthamangira uku ndi uku. Anthu onse ankapepesa mkazi wake. Nanga mkamwini amamupepesa ndani? Patapita miyezi, nyundo inayamba kumulemera. Ankangokhala duu pakhonde, zidebe za eni ake zili mbwee, chakudya osachikhudza. Achibale anayamba kunong'ona kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mkazi wake anakhulupirira kuti mwamunayo watopa naye, ndipo anayamba kunena zoitana ankhoswe kuti banja lithe.

Kuchipatala anamuyeza magazi osapeza kanthu. Anamutumiza kwa mayi wina wopereka uphungu kwa anthu ovutika maganizo. Mayiyo anamumvetsera maulendo awiri. Ulendo wachitatu anakoka mpando wopanda munthu n'kuuika patsogolo pake.

"Bambo, tiyerekeze kuti apongozi anu akhala apa. Auzeni zimene zili mumtima mwanu."

Munthuyo anadzambatuka ngati wakhalira linthumbu.

"Aa, mayi! Ine kukhala pampando moyang'anana ndi apongozi? Mukufuna ndione malodza?"

Njira ya mpando imeneyi mayiyo anaiphunzira m'kalasi, ndipo inali itathandiza anthu ambiri. Wina akanangolemba kuti wodwala wakana thandizo, n'kuitana wotsatira. Koma iye anafunsa:

"Nanga ali moyo, munkayankhula nawo muli pati?"

"Kuseri kwa nkhokwe, nditagwada."

M'chipindamo munalibe nkhokwe. Munali kabati yaitali yosungiramo mapepala. Mayiyo ananyamula mpando uja n'kukauika kuseri kwa kabatiyo, kumene munthuyo sankauona. Iye mwini anakakhala pakona.

Munthuyo anayang'ana kabatiyo kwa kanthawi. Kenako anatsika n'kugwada pasimenti, nkhope atalozetsa kumbali, nawomba m'manja mwaulemu.

"Odi, amayi. Ndine mkamwini wanu, bambo a Tikhale. Phala lanu lija ndinkamwa. Tsiku limene munandikanira kuti ndisathamangitsidwe, ndinali m'nyumba, ndinamva zonse. Ndachedwa, koma zikomo, amayi. Zikomo kwambiri."

Analira ngati mwana, ndipo mayiyo sanafulumire kumutonthoza. Atadzuka, anasasa fumbi m'maondo. Mtima wake unali utapepuka, moti anachita manyazi ndi chimwemwe chake.

Atafika kunyumba anafotokozera mkazi wake zonse. Mkaziyo anagwira pakamwa, kuseka ndi kulira zitamufikira pamodzi.

"Ndiye miyezi yonseyi mumalira amayi anga? Ine ndimati mwapeza wina ku Mponela!"

Tsiku limenelo anadyera mbale imodzi, akukumbutsana za malemuwo mpaka ndiwo zinatha. Nkhani yothetsa banja inathera pomwepo.

Inu amene mukuphunzira ntchito ya uphungu, njira za m'mabuku zisungeni, n'zabwino. Koma munthu akakana mpando wanu, musathamangire kunena kuti wakana kuchira. Mwina mpandowo mwauika pamene iye sangathe kutsegula pakamwa. Mufunseni kumene amagwada, ndipo mukauike komweko.