Makina a m'Khwawa

Kuseri kwa msika wa Nchalo, komwe nyumba zimagundana madenga ndipo kanjira kamodzi kamadutsa anthu, mbuzi ndi madzi otsukira mbale, kunali nyumba yosokeramo ya gulu la amayi ndi atsikana. Bungwe lina lothandiza anthu a m'makomboni lidapereka makina osokera asanu ndi malata, njerwa adaumba okha. Atsikana ophunzira kusoka mmenemo anali oti sukulu idawathera panjira chifukwa cha pathupi. Mmodzi wa iwo anali Faness, yemwe ankapalasa makina mwana ali kumsana. Kwa iyeyu makinawo sanali nkhani yamasewera. Mayi ake anali atamupezera kale ntchito ya m'nyumba ku Blantyre, kwa abwana osafuna wantchito wokhala ndi mwana, ndipo chomwe chinkamuletsa kupita chinali kusokako basi.

Wapampando wa gululo anali Mayi Josephine Lorenso. Tisawadyere miseche, ntchito ankaigwira. Ndiwo adayenda khomo ndi khomo kukopa atsikanawo, ndiwonso adakakamira ku ofesi ya bungwe mpaka makina adabwera. Vuto lawo linali limodzi: akati nyemba izi zapsa, inu muzingotafuna ngakhale mano akuguluka. Malo omangapo nyumbayo adasankha okha, m'khwawa louma lomwe anthu ankatayamo zinyalala. Adati m'pafupi ndi msika, osoketsa sangasowe. Khwawalo linali litatha zaka osaona madzi, choncho adalikwirira ndi dothi n'kumangapo.

Tsiku lina m'mwezi wa Januwale gululo linkayembekeza alendo a ku bungwe. Atsikana adasesa, adakoleka mayunifomu a sukulu omwe adasoka, adakonzeka ndi nyimbo zolandirira. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo, dzuwa likuswa mtengo monga lichitira kuchigwa.

Kudakali m'mawa adatulukira Smart, mtsogoleri wa achinyamata omwe bungwe lomwelo lidawapatsa ntchito yolambula ngalande. Thukuta lili kamukamu, adafotokoza kuti mlamu wake wa kwa Chapananga wamuimbira foni: mvula yakhala ikukhuthuka kumapiri kuyambira dzulo, timitsinje tasefukira, madzi ali m'njira. Aliyense wobadwira kuchigwa amadziwa kuti madzi a kuno sadikira mitambo ya pamutu pako. Mvula imagwa kwa eni ake kumtunda, koma wosamuka ndiwe. Smart adapempha kuti makina awasamutsire kutchalitchi cha pachitunda, ndipo adati anyamata ali panja ndi mawilibala.

Mayi Josephine adasuzumira kumwamba n'kupukusa mutu.

"Nkhabe, sizitheka. Alendo abwere adzapeze nyumba yopanda kanthu? Adzati makina tidagulitsa. Akangochoka mudzanyamule."

"Mayi, madzi sadziwa kuti kuli alendo," adatero Smart.

Mayiwo adamuuza kuti abwerere ku ngalande zake, zosoka azisiyire eni ake. Smart adatenga anzake kukachenjeza makomo a kumunsi. Faness adayesako naye, motsitsa mawu. Adapempha kuti amasuleko mitu ya makina yokha, poti kumasula sikuchedwa, miyendo yachitsuloyo itsale. Adayankhidwa kuti akhale pansi apalase, alendo amafuna kumva makina akulira.

Dzuwa lisanafike paliwombo, m'ngalande ya m'mbali mwa msewu mudayamba kuyenda madzi ofiira, atanyamula mapesi ndi masamba a nzimbe. Oyandikana nawo adayamba kukweza matumba a chimanga panjinga. Mayi wina adadutsa pakhomo pomwepo atasenza mphasa, nkhuku ili kukhwapa, osapereka ndi moni womwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti Mayi Josephine zonsezi ankaziona. Anali chiimire pakhomo, maso ali pa ngalande, pakuti nawonso anali mwana wa kuchigwa. Adaimbira alendo foni, alendo adati adutsa kale pa Dyeratu, angotsala pang'ono. Mayiwo adatembenuka n'kuuza atsikana kuti ayambe nyimbo.

Atsikana adayimba. Mapazi ankapalasa, maso ali kukhomo.

Madzi sadabwere ndi phokoso. Adalowa pansi pa chitseko ngati mphaka, n'kuzungulira miyendo ya makina. Nyimbo idadukira pakati. Posakhalitsa kuseri kudamveka mkokomo, ndipo madzi enieniwo adafika, akutsata njira yawo yakale yomwe nyumbayo idatseka. Atsikana adathawa balalabalala. Smart ndi anzake adabwera chothamanga, madzi ali m'maondo, nagwira makina kuti anyamule. Koma pansi pa nyumbayo panali zinyalala zokwirira, ndipo zitanyowa, miyendo yachitsulo idatitimira. Adakoka, adagwedeza, makina osasuntha. Madzi adafika m'chiuno.

Faness adakana kutuluka. Adakumbatira makina ake, zala zikufufuza pomasulira m'madzi amatopewo, mwana akulira kumsana, timiyendo take titanyowa kale. Khoma lakuseri, la njerwa zosawotcha, lidayamba kufufuma.

"Mlongo, siya! Mwana ali m'madzi!" adakuwa Smart.

Adachita kumukanganula zala n'kumukokera panja. Mayi Josephine adatulutsidwa omaliza, atagwira mphuthu ya chitseko, akungobwereza kuti makina, makina. Atangofika pamsewu, khoma lidagwa, denga n'kukhala pansi.

Galimoto ya alendo idaima pa tala nthawi yomweyo. Adatsika ndi makamera awo, napeza atsikana onyowa akulira, malata okha akuonekera pamwamba pa madzi. Palibe adakalipa. Adathokoza Mulungu kuti sipadafe munthu, kenaka adanena mosabisa kuti magulu ena a ku Bangula ndi ku Nsanje akudikira, makina ena sabwera msanga. Madzi ataphwa anyamata adafukula makinawo, koma anali opindika, odzaza mchenga, dzimbiri litayamba kale. Wokonza makina wa pamsika adangowayang'ana n'kupepesa.

Mwezi usanathe, Faness anali pasiteji ya minibasi ndi kachikwama. Mayi Josephine adapitako, koma adaima patali chifukwa cha manyazi. Adaona Faness akumasula mwana kumsana n'kumupereka kwa mayi ake. Mwanayo adagwira bulauzi ya Faness, ndipo agogo ake adamumasula tizala kamodzikamodzi. Apa Mayi Josephine adalephera kupirira, adayandikira kuti anenepo kanthu.

Faness adawayang'ana, m'maso muli gwa.

"Amayi, mudawaona madzi aja. Mudali pakhomo."

Adakwera. Minibasi idanyamuka kulowera ku Thabwa, njira ya ku Blantyre, mwana akulirira kumsewu, ndipo Mayi Josephine adatsala chilili pafumbi mpaka kondakitala wina adawafunsa ngati akupita. Madziwo sadawadzidzimutse ayi. Adauzidwa, adawaona akubwera, koma adasankha kuwayang'anira. N'chifukwa chake akuluakulu adati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.