Mbuzi si ng'anjo

Ku Torwood kunalibe munthu amene anamvapo bambo Sixpence Domingo akunena kuti "sindikudziwa". Mawu amenewo ankawatsamwa. Ukawauza kuti kombi, minibasi ya ku Kwekwe, yakwera mtengo, ankati akudziwa kale. Ukawauza kuti kukubwera mvula, ankati anaiona dzana. Anagwira ntchito pang'anjo ya fakitale yazitsulo kuyambira ali mnyamata mpaka ng'anjoyo inazima, ndipo kwa iwo chilichonse cha pansi pano chinali ng'anjo basi, kaya ndi injini ya galimoto, kaya ndi mimba ya munthu. "Faka maningi," ankatero m'chilapalapa cha kuntchito, kutanthauza kuti thira zambiri. "Ukathira malasha ambiri, chitsulo chimatulukanso chambiri." Akazi awo, mayi Bernadetta, ankangoseka, pakuti mtima wa mwamunayo unali wabwino. Chinkavuta ndi khutu.

Chaka chimenecho m'nyumbamo munalowa chimwemwe. Natsai, mkazi wa mwana wawo Talkmore, amene kunyumba ankamutcha Toki, anali woyembekezera mwana woyamba. Iyeyu anali Mshona wa ku Connemara, ndipo kwawoko ali ndi mwambo wa masungiro: pakati poyamba pakakula, akuchimuna amaperekeza mkazi kwa makolo ake kuti akachirire komweko, atatenga mbuzi ziwiri, tonde wophera pamwambo ndi yaikazi yoti mayi ake aziweta. Mwambowu usanachitike makolo saonana ndi mwana wawo, poopa kuthyoka msana. Choncho Natsai anali atatha miyezi osaona nkhope ya mayi ake, ndipo ankawasowa mpaka kuwalota.

Tonde anagula Talkmore n'kumusungitsa ku Connemara komweko. Koma yaikaziyo bambo Sixpence anadziguguda pachifuwa kuti ndi yawo, ndipo panali chifukwa. Tsiku lokapereka malowolo anamva amalume ake a Natsai akunong'ona kuti anthu a makolo ochokera ku Mozambiki, opanda mudzi kuno ngakhale khola, za ziweto angazidziwire kuti. Mawuwo anawabaya ndipo munga wake sunatuluke. Analumbira kuti adzapita ndi mbuzi yoti amalumewo akaiona adzavule chipewa.

Mbuziyo anaigula kwa mnansi wawo wa kuseri kwa mpanda, Che Swalehe, Msilamu wa makolo a ku Mangochi, amene amaweta mbuzi pakamunda kake kunja kwa taunishipi n'kumagulitsa nyengo ya Idi. Inali yofiirira, ya maso owala ndi miyendo yaitali, koma yopyapyala. Bambo Sixpence anaizungulira kawiri, osakhutira.

"Achimwene," anatero Che Swalehe powapatsa chingwe, "muziipatsa udzu wouma ndi masamba a mitengo. Gaga kadzanja kamodzi basi. Mimba ya mbuzi simafuna kudzidzimutsidwa."

"Ndikudziwa kale, Che Swalehe. Ine ndadyetsa ng'anjo yotalika kuposa tchalitchi. Kambuzi aka kangandivute?"

Masiku anapita mbuzi ikudya udzu kuseri kwa nyumba, koma thupi lake osasintha. Lachisanu madzulo, ulendo uli mawa, bambo Sixpence analephera kupirira. Mayi Bernadetta anali ku kwaya, Natsai anali m'chipinda kulongedza zovala za mwana. Mkuluyo ananyamula ndowa ya ufa n'kuukandira ndi madzi m'bafa, anawonjezeramo buledi wotsala wa patakishopu ndi masese a mowa amene anapempha kwa mnzawo. Mbuzi ilibe mawu akuti ndakhuta. Inalowetsa mutu m'bafamo, kamchira kakugwedezeka, ndipo eni ake anaimirira pambali manja ali m'chiuno monga ankachitira kuntchito.

"Faka maningi, mwana wanga," ankailimbikitsa. "Mawa tikawaonetse."

Kutacha anavala suti yawo ya pa Khirisimasi, tayi ndi nsapato zopolisha, n'kupita kukaona ntchito ya manja awo. Atangokhota pakona ya nyumba anawomba m'manja.

"Amake Toki! Tabwerani mudzaone nzeru za kuchitsulo! Yanenepa usiku umodzi wokha!"

Mayi Bernadetta anatuluka akupukuta manja pachitenje. Anayang'ana mbuzi, anayang'ana mwamuna wawo.

"Maiwe! Bambo a Toki, kunenepa kwanji kwa mbali imodzi?"

Zinalidi choncho. Mbali ya kumanzere inali itatupa mpaka kupitirira msana. Mbuziyo inaima miyendo itatangadza, khosi litatambasuka, ikukukuta mano, dovu likuyoyoka. Inabuula ngati munthu, kenako inagwada ndi miyendo yakutsogolo n'kugwa chammbali. Pomwepo Natsai anatulukira ndi chikwama chake, atavala kale zaulendo. Anangokhala pansi pakhonde, misozi ikutsika yokha, pakuti popanda mbuziyo ulendo wa kwa mayi ake unali utafera pomwepo.

Bambo Sixpence anachita mantha kwambiri, ndipo pansi pa mtima ankadziwa chimene chachitika. Koma pakamwa panathamanga kutsogolo kwa mtima.

"Ndi poizoni uyu! Madzi a okumba golide aja, makorokoza, afika mpaka kuno. Kapena pali wina watichitira nsanje."

Mayi Bernadetta sanataye nthawi. Anakwera pa njerwa n'kukuwa pamwamba pa mpanda: "Che Swalehe! Mhanyai kuno, mbuzi ikufa!"

Che Swalehe anafika akuthamanga, mpeni uli m'manja, poti m'dera lonselo mbuzi kapena nkhuku ikafuna kuzingidwa amaitana iwo, kuti nyamayo adye aliyense. Bambo Sixpence ataona mpeniwo anadziponya pakati, manja ali tambasu.

"Aikona! Mpeni ayi, Che Swalehe! Iyi ndi ya asewere anga, ikuyenera kufika ikuyenda yokha!"

"Mpeni ndi wa kumapeto, achimwene. Tiyambe taona kaye."

Anagwada pambali pa mbuziyo n'kugogoda potupapo ndi chala. Panalira ngati ng'oma. Anaitsegula kukamwa n'kuyang'ana nkhama, ananunkhiza mpweya wake n'kukwinya mphuno. Anaifufuza miyendo ndi kukhosi kuti mwina apeza polumidwa ndi njoka, koma panalibe.

"Ukanakhala poizoni wa kumigodi, bwenzi itafa kale, nkhama zitafiira piriwiri. Izi ndi zowawasa za m'mimba. Yafufuma, mpweya ukusowa potulukira. Yadya chiyani dzulo?"

"Udzu," anayankha bambo Sixpence, maso ali kudenga la nyumba.

"Udzu wokha?"

"Ndi kamasamba."

Mayi Bernadetta analowa m'khitchini n'kutuluka ndi ndowa ya ufa. Anaitembenuza chadodolido pamaso pa onse, osagwa ngakhale fumbi, n'kuiika pafupi ndi nsapato zopolisha zija. Bambo Sixpence anaiyang'ana ndowayo.

"Ndi kaufa pang'ono. Ndi kabuledi. Masese ndiye anali ochepa zedi."

Che Swalehe anapukusa mutu, koma nthawi yodzudzula panalibe. Anapempha soda wothira m'therere ndi mafuta ophikira. Anasungunula sodayo m'madzi ofunda, n'kumwetsa mbuziyo ndi botolo kudzera pambali pa kamwa, pang'onopang'ono, osaikweza mutu kwambiri kuti madziwo asalowe m'mapapo. Kenako anaimwetsa mafuta. Anadula kamtengo n'kukapingasa m'kamwa mwake kuti izitafuna, ndipo onse pamodzi anaiimiritsa, miyendo yakutsogolo ili pamwamba pa sitepe ya khonde, yakumbuyo ili pansi.

"Tsopano inu, achimwene, gwadani apa. Muzisisita potupapa, kukankhira m'mwamba. Musaleke mpaka ndinene."

Bambo Sixpence anagwada m'fumbi ndi suti yawo ya pa Khirisimasi. Anasisita, thukuta likutsikira m'kolala, tayi atapita kumsana. Anansi anali atadzaza kale pampanda. Natsai anali atasiya kulira, akuyang'anitsitsa manja a apongozi ake. Ndipo mkulu uja, amene sankapempha kanthu kwa munthu, anamveka akuinyengerera mbuzi.

"Chonde, mwana wanga, geya. Ndapota nawe, geya. Usandichititse manyazi."

Mbuziyo inatambasula khosi, inatuzula maso, kenako inageya kugeya kumene kunamveka mpaka kumsewu. Fungo lake linabweza anthu pampanda, koma amayi anaimba nthungululu atagwira mphuno. Inageyanso, n'kugeyanso, ndipo mimba ija inayamba kuphwa m'manja mwa bambo Sixpence. Iwo anasendera chakumbuyo kuti aione bwino, ndipo apo m'pamene khomo linalo, la pansi pa mchira, linatsegukanso, zonse n'kuthera pa buluku la suti. Kuseka kumene kunabuka pamenepo, ngakhale Natsai anachita kugwira mimba yake ndi manja awiri.

"Ng'anjo yanu ija inali ndi chumuni, achimwene," anatero Che Swalehe akupukuta misozi ya phwete. "Iyi munaithira malasha n'kuiwala potulukira utsi."

Anawauza kuti aisiye pamthunzi ndi madzi ndi udzu wouma wokha, ndipo asanyamuke mpaka itayamba kubzikula. Ikatupanso, athamangire kwa alangizi a ziweto. Talkmore atafika ndi kagalimoto kobwereka ku Kwekwe anapeza bambo ake atavala buluku lakuntchito lakale pansi pa jekete ya suti, atakhala pa ndowa, akuyang'anira nsagwada za mbuzi. Dzuwa litapendeka nsagwadazo zinayamba kuyenda. Mkuluyo anadumpha ngati timu yake yagoletsa chigoli.

Koma m'njira chimwemwe chawo chinazirala. Mbuzi inali yamoyo, inde, koma inali itabwerera pa thupi lake lakale, mwinanso kuchepera apo. Ankaganiza za amalume aja ndi chipewa chawo. Che Swalehe, amene anawaperekeza kuti akazinge tonde, ankangoisisita mbuziyo pamutu.

Ku Connemara anapeza anthu atadikira mpaka kutopa, koma palibe anadandaula. Mwambo utachitika, Natsai anagwa m'manja mwa mayi ake, ndipo awiriwo anaseka ndi kulira nthawi imodzi. Kenako mayiwo anapita pamene panamangidwa mbuzi yawo. Anaipapasa msana, anaiyang'ana mano ndi bere, amalume aja ali pambali.

"Maita basa, vakurungai," anatero mayiwo, kuthokoza asewere awo. "Ine ndimaopa kuti anthu a m'tauni mundibweretsera yonenepa ngati ya kubutchala. Yamafuta sitenga bere msanga. Iyi ndiye mbuzi yoweta. Mwaisankha ngati munthu wokulira m'khola."

Amalume aja anagwedeza mutu kuvomereza, ndipo anagwiradi chipewa chawo. Bambo Sixpence anatukula chifuwa n'kutsegula pakamwa.

"Ndikudzi..."

Chidendene cha mayi Bernadetta chinatera pa chala chawo chachikulu. Mkuluyo anatsokomola, anayang'ana akazi awo, anayang'ana Che Swalehe, kenako Natsai amene anali atatsamira paphewa la mayi ake. Bambo Sixpence anaseka.

"Zimenezo sindimazidziwa, asewere. Anasankha ndi achimwene angawa. Ine yanga inali kusisita."

Nkhani imeneyo inafika ku Torwood galimoto isanazime, ndipo ena mpaka lero sakhulupirira kuti mawuwo anatuluka m'kamwa mwa bambo Sixpence. Natsai anachira bwino ndi mwana wamkazi, mbuzi ija nayo inadzaswa mapasa. Masiku ano mdzukuluyo akabwera kudzacheza, agogo ake aamuna amaimirira pakhomo la khitchini ndi kasupuni m'manja n'kufunsa kaye kuti phala la mwana amathira lochuluka bwanji. Anaphunzira atagwada m'fumbi kuti akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.