Madiresi a Manja Aafupi

Tsiku lina masana, Swala ya Dhuhuri, pemphero lathu la masana, itangotha, Idirisa Mkwanda anafika pa mzikiti wathu wa pa Ntaja ali pa njinga yamoto. Anaiimika pafupi kwambiri ndi khonde, moti fumbi lake linatipeza. Ine ndinkadikira ana a madrasa, sukulu yathu ya chipembedzo. Mphunzitsi wanga, Shehe Ndembo, Allah awachitire chifundo kumene agonako, anali atakhala pansi, akusoka mkeka wa mumzikiti umene unang'ambika m'mphepete.

Idirisa anali mnyamata amene anatsegula shopu ya utelala chaka chinacho. Anali ndi makina atatu, antchito atatu, ndi chikwangwani chachikulu kuposa chitseko cha shopuyo. Ndisamunamizire, anali wolimbikira ntchito, ndipo sankadya za eni. Vuto lake linali limodzi: dzina loti bwana linkamukomera kuposa tiyi wamkaka.

Anapereka salamu, Shehe anayankha, namulozera pokhala. Iye anakhala, koma maso ake anali pa mkeka uja.

"Shehe, pepani, msoko wanuwo wakhota," anatero.

"Wakhotadi, Che Idirisa," anayankha Shehe akumwetulira. "Manjawa sanaphunzire. Tsiku lina mudzandionetse. Kaya kwagwanji, nkhope yachita mdima chonchi?"

Idirisa anafotokoza. Amayi a gulu la dawa, amene amayenda kukaona odwala ndi kukaphunzitsana za chipembedzo, anasonkherana nagula nsalu yoti asoketse madiresi ofanana, ovala pa msonkhano wawo waukulu. Mtsogoleri wawo, Abiti Lipenga, anakasiya nsaluyo kwa Idirisa, ngakhale ena anamulangiza kuti apite kwa matelala akalekale. Iyi inali ntchito yaikulu yoyamba ya shopuyo. Koma wodula nsalu, Che Ajusa, bambo wachikulire wa ana asanu, anadula manja a madiresi onse olekeza m'zigongono. Mayi wachisilamu sangaime pagulu mikono ili pamtunda. Nsalu yotsala panalibe.

"Ndabwera ndi pempho," anapitiriza Idirisa. "Che Ajusa amapemphera pano, ndipo mawu anu amawamva. Muwauze akaonekere okha kwa Abiti Lipenga, akavomere kuti olakwa ndi iwo. Akachoka kumeneko asadzapondenso pa shopu panga. Dzina langa lisaipe chifukwa cha sizasi ya munthu wina."

"Muyeso munawapatsa?" anafunsa Shehe.

"Ndinawapatsa, wolondola. Anasokoneza ndi wa madiresi a ana asukulu. Iwonso sakukana."

"Ndiye kuti analakwitsadi."

"Eya, Shehe!" anatero Idirisa, nkhope ikuwala, poganiza kuti mlandu wautha.

Shehe anabaya singano pa mkeka, napukuta manja pa mkanjo wawo.

"Ndili ndi funso, Che Idirisa, mundithandize. Ndamva kuti ku shopu kwanu nthawi ya Swala ikakwana mumapemphera limodzi. Amatsogolera ndani?"

"Ineyo."

"Allah akudalitseni. Nanga imamu, wotsogolera uja, akaiwala kanthu m'kati mwa Swala, amatani?"

Idirisa anaseka pang'ono, poti funsoli ndi la ana a madrasa. "Amagwetsa mphumi pansi kawiri kumapeto, sijida ya kuiwala. Onse a kumbuyo amagwetsa naye."

"Mwayankha bwino. Nanga akaiwala ndi munthu wa kumbuyo, amene akutsatira imamu?"

 Apa Idirisa anayang'ana kwa ine ngati ndimuthandize, koma ine ndinayang'ana nkhuku imene inkadutsa pabwalo.

"Palibe chimene amachita," anatero pomaliza. "Amangopitiriza ndi anzake."

"Chifukwa chiyani?"

"Amati imamu wamusenzera."

"Ndi momwemo," anatero Shehe. "Wa kumbuyo akaiwala, wa kutsogolo amasenza. Sitinamvepo imamu akutembenuka m'kati mwa Swala n'kuloza chala kuti, iwe wa mzere wachiwiri, tuluka."

Kunena zoona, ine ndinachita manyazi pamodzi ndi Idirisa. Lamulo limeneli ndinali nditaphunzitsa ana kwa zaka zambiri, koma sindinaganizepo kuti lingatuluke mumzikiti n'kukafika pa makina osokera. Shehe anali otero. Sankakweza mawu, sankaonetsa kuti anawerenga mabuku ambiri, koma ankatenga chinthu chimene unkachidziwa kale n'kukuikira m'manja.

Idirisa sanagonje msanga. "Shehe, Swala ndi Swala, malonda ndi malonda. Sizasi sindinaigwire ine."

"Zoona. Koma ndifunseko. Mwezi watha munasoka mkanjo wa mkwati wa kwa Nyambi, anthu n'kuutama msika wonse. Anaudula ndani?"

"Che Ajusa."

"Anthu ankatama dzina la yani?"

Idirisa anayamba kuseweretsa kiyi wa njinga.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, bambo," anatero Shehe mofatsa. "Abiti Lipenga sanapereke nsalu kwa Che Ajusa. Anaipereka kwa munthu amene dzina lake lili pamwamba pa chitseko. Che Ajusa mudzawadzudzule, n'koyenera, koma muli awiri, chitseko chili chotseka. Kwa amayi aja mupite inuyo."

Pamenepo matama onse anathera pansi, ndipo tinaona chimene chinabweretsa mnyamatayo. Sunali ukali ayi, anali mantha. 

"Shehe, ndikapita ine, ndikanena chiyani? Nsalu yoti ndibweze ndilibe pokhapokha ndigulitse njingayi. Amayi aja akalankhula, Ntaja yense amva, ndipo palibe adzabweretsenso ntchito. Ndatopa. Usiku sindigona. Anzanga amene ndinaphunzira nawo ali ku Joni, akutumiza malata kwawo. Mwina ndingotseka, ndigulitse makina, nanenso ndiwoloke."

Ndinamumvera chisoni. Bizinesi yaing'ono ili ngati khanda, silola mwini wake kugona. Ndikanakhala ine ndikanafulumira kumutonthoza kuti zonse zikhala bwino, koma Shehe sankalonjeza zimene zili m'manja mwa Allah.

"Mwina amayi aja akukhululukirani, mwina ayi," anatero. "Mwina njingayo ipita, muyambe kuyenda pansi ngati ife. Zimenezo sindikudziwa. Kupita ku Joni si tchimo, ndipo tsiku lina mukadzafuna kutseka, mudzatseke bwinobwino, mutakonza zonse. Koma lero, antchito anu ali kuti?"

"Ali ku shopu."

"Akusoka?"

"Ayi. Kuyambira dzulo angokhala. Akudikira kuti ndinena chiyani."

Shehe anagwedeza mutu, namuyang'ana mnyamatayo m'maso kwa kanthawi.

"Che Idirisa, imamu akalakwitsa sathyola Swala. Amapitiriza mpaka kumapeto, n'kukonza cholakwacho ndi mphumi yake. Koma taganizani za imamu amene anthu ali pa sijida, iye n'kunyamuka mwakachetechete, kutenga nsapato zake, n'kumapita. A kumbuyo sakumuona, poti nkhope zawo zili pansi. Iwo akungodikira mawu ake. Anthu atatu aja munawagwaditsa ndinu, tsiku limene munawauza kuti asiye zimene ankachita akutsateni. Mphumi zawo zili pansi kuyambira dzulo, ndipo sangadzuke asanamve mawu anu. Pitani mukawadzutse."